Mabuku a Mankhwala

Ana anga, nonse mukudziwa kuti pabwalo la nyumba yathu ku Bangwe panawotchedwa mabuku. Agnesi, iwe unalipo. Enanu munali kwa agogo ku Phalombe, ndipo nkhaniyi munangoimva kwa anthu a pampopi. Mpaka lero palibe mwa inu amene wandifunsa maso ndi maso kuti m'mabukumo munali chiyani, ndipo kusafunsako kumandipweteka kwambiri. Ntchito ndinapuma kalekale, tsopano maso ayamba kuchita nkhungu, ndiye ndati ndilembe ndekha ndisanaiwale. Za ubwana wanga ndizisiya, munazimva mpaka kutopa nazo.

1972 mpaka 1992

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa sukulu ina ya mishoni kunja kwa Limbe, yophunzitsa anyamata ofuna unsembe. Anandilemba kuti ndizisesa mu laibulale. Woyang'anira laibulaleyo anali wansembe wachizungu amene tonse tinkawatchula kuti Bambo Kaliwo, chifukwa kaliwo ankachoka pakamwa pawo nthawi ya Misa yokha. Sabata yachiwiri anandipeza nditatsamira tsache ndikuwerenga. Ndinaganiza kuti ntchito yatha. Iwo anangoti, "Fabiano, ngati umakonda mabuku kuposa tsache, bwera uphunzire kuwachiritsa." Anandiphunzitsa kusoka buku ndi singano ndi ulusi, kuphika guluu wa zikopa m'kachitini, kulemba makadi, ndiponso Chilatini cha apo ndi apo, chokwanira kudziwa mutu wa buku ndi kudzikweza nacho pang'ono pamaso pa anzanga a kukhitchini. Kudzikwezako ndikuvomera, ndinali nako kuyambira kale.

Pakona panali kabati ya galasi yokiya. M'menemo munali mabuku awoawo a Bambo Kaliwo, amene anabwera nawo kuchokera kwawo: ena a Chilatini, ena a Chingerezi ndi Chifalansa, angapo a zikuto zachikopa akale kuposa mishoni yomwe. Onse ankakamba za anthu ophunzira a ku Ulaya a zaka mazana anayi kapena asanu apitawo, nthawi imene azungu anafukula zolemba zakale za Agiriki ndi Aroma n'kupenga nazo. Anthu amenewa ankati zinthu zonse zinapangidwa ndi dothi, madzi, mpweya ndi moto. Ena anadzati ayi, maziko ake ndi sulufule, mchere ndi mekyule, madzi onyezimira aja mumawaona m'kagalasi koyezera kutentha kwa thupi kuchipatala. Chitsulo cha mtundu uliwonse anachipatsa mnzake kumwamba: golide ndi dzuwa, siliva ndi mwezi, mtovu ndi nyenyezi ina yoyenda mwaulesi kuposa zonse. Ankati munthu ndi dziko laling'ono, kotero chimene chachitika kumwamba chimamveka m'chiwindi mwako. Ankakhulupiriranso kuti zitsulo zimapsa pansi pa nthaka ngati nthochi zovundika, kuti mtovu ndi golide wosapsa chabe, ndipo wanzeru angathe kumufulumizitsa ndi moto akapeza kanthu kena kamene ankati mwala wa anzeru. Poopa akuba ndi mafumu, njira zawo ankazibisa m'zithunzi: njoka yoluma mchira wake, mfumu ndi mfumukazi ali m'bafa limodzi, mkango wobiriwira ukumeza dzuwa. Bambo Kaliwo anandiuza kuti mkangowo ndi asidi amene amadya golide, palibenso china.

Tsiku lina anandionetsa chithunzi cha mphika wokhala ndi mpope wopindika. Ndinati, "Bambo, iyi ndi mbiya ya kachasu. Amayi anga amatcheza chonchi." Anaseka mpaka kaliwo anagwa pansi. Anati ndanena zoona, nzeru yake ndi yomweyo. Ndinafunsa ngati golideyo anamupeza.

"Ngakhale mmodzi," anatero. "Ambiri anafa ndi chifuwa cha utsi, ali ndi njala."

"Nanga mukusungiranji mabuku a anthu olephera?"

"Chifukwa polephera anapeza zina. Zonse zimene anyamata akuphunzira ku labotale zinatuluka m'ng'anjo za anthu amenewa. Sanali afiti, Fabiano. Anali anthu ouma mutu, ngati iwe."

Zaka makumi awiri ndinazipukuta zikuto zimenezo ndi mafuta, ndipo zimene zinamasuka ndinazisoka ndi manja angawa. Zinali zaka zabwino kwambiri pa moyo wanga, koma nthawiyo sindinkadziwa.

1993 mpaka 1996

Chaka chimene tinavotera matipate, Bambo Kaliwo anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo akuluakulu awo anagamula zoti abwerere kwawo. Anandiitana kuchipinda kwawo akulongedzeredwa katundu. Pakamwa panali patapindika, mawu akutuluka movutika. Anati mabuku aja ndi olemera, ndege siingawalole, ndipo abale awo kumeneko angowataya. "Ndi ako," anatero. "Mwa anthu onse amene anadutsa pano, ndiwe wekha unawafunsa funso. Uwasunge kutali ndi chiswe ndi madzi." Ndinagwada, ndinalonjeza, misozi ili chuchuchu. Kuyambira pamenepo sindinawaonenso, ndipo patapita chaka tinamva kuti amwalira.

Hedimasitala watsopano anali munthu wachangu, wokonda kunena kuti zinthu zasintha. Chilatini anachichotsa, laibulale anaidula pakati ndi mabolodi kuti theka likhale kalasi, ndipo ine anandiuza kuti udindo wanga kulibenso. Sindimuimba mlandu kwenikweni. Denga linkadontha, guluu tinali titasiya kale kugula, ndipo nthawi imeneyo ku Limbe konse anthu ankachotsedwa ntchito tsiku ndi tsiku. Mabuku ndinawakweza pa pikiapu ya matola mpaka ku Bangwe. Mayi anu anati ndiwaike m'sutikesi kuchipinda. Ine ndinakana. Ndinakhoma shelefu pabalaza, moyang'anana ndi chitseko, kuti aliyense wolowa aone kuti muno mumakhala munthu amene anagwirapo Chilatini. Akanakhala kuti ndinawamvera mayi anu, bwenzi nkhani ino ndisakulemba.

Nditakhala miyezi ingapo osagwira ntchito, ndinalembedwa pa sukulu ina yapulaiveti komweko ku Bangwe, imodzi mwa zija zinkaphuka paliponse m'zaka zimenezo. Mwini wake anali wogulitsa matayala, ndipo nyumbayo kale inali holo ya mavidiyo. Anandiika kukhala wosamalira labotale. Labotale yake! Mashelefu awiri, mabotolo opanda kanthu, ndi kambaula kamodzi ka sipiriti. Asidi wathu anali mandimu a mumsika, phulusa ndinkabwera nalo kuchokera kunyumba, ndipo pofuna kuonetsa ana kusintha kwa mtundu ndinkawiritsa chidede. Ndikapempha zipangizo, bwanayo ankati, "Madala, inu ndi ajiniyasi, pangani pulani." Koma chimene ndikufuna mumvetse ndi ichi: pasukulupo aliyense, aphunzitsi ndi ana omwe, zinthu za m'mabotolo ankazitchula kuti mankhwala. "A Fabiano, mankhwala a mayeso afika?" "Mankhwala atha, bwana." Tsiku lililonse, kangapo patsiku. Mawu amenewa anazolowera pakamwa panga mpaka ndinaiwala kuti kunja kwa geti ali ndi tanthauzo lina.

1997

Enanu simungakumbuke mmene Bangwe analili chaka chimenecho. Maliro sankatha. Uchoka kumanda m'mawa, masana umva kulira kuseri kwa nyumba yachitatu. Ankapita anali achinyamata, ophunzira, amene makolo ankawadalira, ndipo matendawo tinkawadziwa koma sitinkawatchula. M'maminibasi nkhani inali imodzi: za satana, za anthu olemera mosadziwika bwino, za magazi. Anthu anali ndi mantha, ndipo ankafuna wina woti amuloze chala.

Lamulungu lina masana, mapemphero a mphakati wathu anagwera kunyumba kwathu. Tinkayenera kukhala panja, koma mvula inayamba, ndiye tonse tinapanikizana pabalaza. Mayi Matiki, amene ankayambitsa nyimbo, anafuna chotsamiritsira kapepala kawo, ndipo anatambasula dzanja n'kusolola buku pa shelefu. Linatsegukira pa njoka ija yoluma mchira, yozunguliridwa ndi zizindikiro za nyenyezi. Anatsegula tsamba lina: mfumu ndi mfumukazi m'bafa, khwangwala ali pamwamba pawo.

"Iii, bambo a Agi, ndi mabuku anji amenewa?"

Ine mtima unadzala. Zaka zinayi ndikudikira kuti wina afunse. Ndinakonza kukhosi ngati mphunzitsi n'kunena kuti, "Amenewo ndi mabuku a mankhwala. Mankhwala akalekale a azungu."

Anthu anayang'anizana. Ine osazindikira kanthu, ndinapitiriza kudzikumbira dzenje. Ndinati anthu ake ankagwira ntchito mobisa, ankayang'ana kaye nyenyezi asanayatse moto, ndipo cholinga chawo chinali kusandutsa mtovu kuti ukhale golide. A Chikopa, wapampando wa mphakati, munthu wamkulu amene tinkagawana naye fodya wa m'mphuno pamaliro, anavula magalasi awo pang'onopang'ono.

"Ndiye mukutanthauza kukhwima?"

Ndinaseka. Kusekako ndi kumene kunandimaliza, chifukwa ndinaseka ndekha. Ndinayesa kukonza: ndati kemisitile, sayansi ya kusukulu, mankhwala a m'mabotolo osati a m'nsupa. Ndinati anandipatsa ndi wansembe. A Chikopa anangoti, "Wansembe wake anafa ziwalo uja eti?" Mayi Matiki anaika bukulo pansi ndi nsonga za zala, n'kupukuta manja pachitenje. Pemphero lotsekera linali lalifupi, ndipo anthu anatuluka mvula isanakate. Tiyi amene mayi anu anaphika anazizira m'ketulo.

Sabata yomweyo mwana wa aneba athu a kumtunda, mnyamata wogwira ntchito ku banki amene anadwala chaka chathunthu, anamwalira. Nditapita kukakhala nawo pa siwa, amuna anasuntha benchi n'kundisiya ndekha. Mayi anu ankagulitsa tomato ndi anyezi pamsewu, ndipo anayamba kubwerera nazo madengu ali odzaza mpaka zinaola. Pampopi akaika ndowa yawo, azimayi ankachotsa zawo. Nkhani inkakula payokha: akuti njoka ya m'bukumo imatuluka, akuti malata a nyumba yathu anagulidwa ndi magazi, chikhalirecho ndinawakhoma ana onse akuona, zaka khumi m'mbuyomo. Bwana wa kusukulu anandiitana mu ofesi. "Madala, ine zimenezi sindikhulupirira, koma makolo akuchotsa ana. Akuti mumawamwetsa zinthu zofiira." Ndinati ndi chidede, ndipo palibe amene wamwa. Anati, "Shuwa, koma konzani nkhani yanu, apo ayi tisiyana." Kenaka ankhoswe a mnyamata amene ankafuna kukwatira iwe, Agnesi, anatumiza uthenga kuti chinkhoswe chidikire kaye. Sananene kuti chidikire chiyani.

Musaganize kuti ndinangokhala. Ndinanyamula mabuku awiri m'jumbo kupita ku sukulu yanga yakale, ndipo hedimasitala anati alibe malo, ndisawabweretsere mavuto a ku Bangwe. Ndinapita ku ofesi ina ya mabuku m'tauni, ndipo mtsikana wa pakauntala anawatembenuza n'kunena kuti iwo akufuna mabuku a silabasi. Wogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu ku Limbe anati Chilatini palibe angagule, koma mapepala akewo anyamata a tchipisi angawafune. Ndinawalanda m'manja mwake. Pomaliza ndinapita kwa bambo mfumu wa parishi yathu, wansembe wachinyamata wophunzira bwino. Anawerenga tsamba limodzi, anamwetulira, anati akudziwa bwinobwino kuti si ufiti. Ndinapempha kuti anene zimenezo pa guwa, kapena awasunge kunyumba ya ansembe. Anatseka bukulo n'kundibwezera. Kenaka anati, "Bambo, ndikatero anena kuti nanenso ndili momwemo. Ndi mapepala chabe. Aperekeni, mtendere ubwerere m'banja mwanu." Ndinatuluka ndili ndi mkwiyo woti ndikanatha kuluma chitseko. Mapepala chabe! Koma kunalibenso kwina kopita.

Amene anandigonjetsa ndi mayi anu. Sanakalipe. Anali akusankha tomato woola m'dengu, ndipo anayankhula osandiyang'ana. "Bambo a Agi, ine ndikudziwa kuti inu si mfiti. Mfiti yanji yosowa ndi sopo yemwe? Koma munalonjeza munthu amene anapita kale, ndipo amene akulira m'chipindamo ndi mwana wanu wamoyo. Sankhani." Ndinati ndikawotcha, ndiye kuti ndavomera. Anati, "Mukapanda kuwotcha, atiwotchera nyumba." Masiku atatu sindinadye bwino. Tsiku lachinayi ndinapita ndekha kwa a Chikopa kukawauza kuti abwere ndi anthu awo Loweruka m'mawa.

Anabwera ambiri, ena oti sitinawaonepo kutchalitchi. Ndinatulutsa mabuku ndekha, maulendo asanu ndi limodzi, n'kuwaunjika pabwalo. A Chikopa anathira palafini, anapemphera, anayatsa. Tsono anthu sadziwa kuti buku lochindikala silipsa. Moto unanyambita m'mphepete, palafini atatha unazilala, mabuku ali chikhalire, akuda kunja kokha. Mayi wina anakuwa kuti, "Mwaona! Akukana moto!" Anthu anabwerera m'mbuyo, ena anayamba kutola miyala. Pamenepo ndinadziwa kuti ndikapanda kuwathandiza, tsikulo litha ndi magazi. Ndinagwada, ndinatenga buku loyamba, ndinalithyola msana. Ndinkadziwa pamene pali ulusi uliwonse, popeza ndinasoka ndine. Ndinang'amba masamba ochepaochepa n'kumaponya pamoto kuti mpweya uzilowa. Ntchito imeneyo inanditengera maola awiri, ndipo palibe anandithandiza, chifukwa onse ankaopa kukhudza. Zikuto zachikopa ndi guluu uja zitagwira moto, panatuluka fungo la nyama yowauka. Ndinamva Mayi Matiki akunong'oneza mnzawo kuti, "Mwalimva fungolo? Ndi anthu amenewo." Ndinafuna kuwauza kuti ndi chikopa cha ng'ombe, koma ndinali nditatopa kufotokoza. Anayamba nyimbo yothokoza, ndipo ine ndinkalira. Iwo ankati ndikulira chifukwa cholapa.

1998 mpaka 1999

Ndinkayembekeza kuti ndagula mtendere. Miyala sinaponyedwe, nyumba sinapse, zimenezo ndi zoona. Koma dzina silinabwerere. Kale ena ankati mwina akunamiziridwa, tsopano onse ankati, akanakhala wosalakwa sakanawotcha. Ankhoswe aja sanabwerenso. Agnesi, unachoka kupita kwa azakhali ako ku Zomba, ndipo sindinakuletse. Kusukulu anandisunga mpaka kutha kwa chaka, kenaka anati labotale aitseka, ndipo umo ndi mmene ndinapumira ntchito, popanda ngakhale botolo la fanta lotsanzikana. Shelefu ija ndinaizula n'kuiwaza nkhuni. Ndinayesapo kulemba m'kope zimene ndinkakumbukira, za zitsulo ndi nyenyezi zake, koma ndinaopa kuti wina alipeza, ndipo ndinaling'amba. Umu ndi mmene ndinasandukira: munthu woopa zolemba zake zomwe.

Chakumapeto kwa 1999, Lolemba lina dzuwa lili paliwombo, ndinaona a Chikopa akulowa pageti, chipewa chili m'manja. Anali asanapondepo pakhomo pathu chichitikireni zija. Anali atagula minibasi yakale ndi ndalama zawo zopumira ntchito, ndipo Bangwe yense ankadziwa kuti imakhalitsa pamiyala kuposa pamsewu. Ndinawapatsa mpando pansi pa mpeyala. Anafunsa za moyo, za mvula, za ana. Kenaka anasendeza mpando kufupi, anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Bambo a Agi, ife ndi akuluakulu, tisabisane. Zija zinali za gulu, mukudziwa mmene anthu alili. Koma mapepala okha ndi amene anapsa. M'mutumu moto sunalowemo. Ine kaminibasi kaja kandimaliza. Sindikupempha zambiri ayi, za golidezo ndi zanu. Pang'ono pokha, kuti kaziyenda."

Ndinafotokozanso, modekha, monga mmene Bambo Kaliwo anandifotokozera: kuti anthu aja sanapeze golide ngakhale mmodzi, kuti anafa osauka, kuti mkango unali asidi ndipo mphika unali wotchezera, kuti ndinalakwitsa mawu amodzi okha basi. A Chikopa ankagwedeza mutu mwaulemu, akumwetulira, mpaka ndinamaliza.

"Ndamva, ndamva," anatero akudzuka. "Simukufuna kuyankhulira panja. Ndibwera Lachinayi."

Lachinayi anabweradi, atapanira tambala wakuda m'khwapa. Amene anatsegula chitseko ndi mayi anu. Anayang'ana tambalayo, anayang'ana a Chikopa, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Ndiye tinawotcheranji?"

Mayi anu anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo funso limenelo sindinawayankhe.